Msilikali wa simenti amene foni inamutcha Shaka

Ambiri a ife amene timathandiza pa wailesi yathu ya m'dera sitinabadwire mu Chipata. Wina anachokera ku Petauke, wina ku Lundazi, awiri ku Chadiza, ndipo chinatibweretsa kuno ndi sukulu kapena kusakasaka ntchito. Tauni ino timaidziwa monga mlendo wokhalitsa adziwira nyumba ya eni: tidziwa pogula ndiwo pa msika wa Kapata, tidziwa pokwerera basi ya ku Lusaka, tidziwa njira yachidule yochokera ku Mchini kufika ku Down Shops. Koma mutifunse chifukwa chake chinthu chakuti chinaikidwa pamalo akuti, tiyamba kukanda kumutu.

Mwezi wa February, pokonzekera pulogalamu ya Nc'wala, tinagwirizana kuti Loweruka lina tiyende mumzinda ngati anthu oti afika kumene dzulo. Tinatenga mafoni awiri, kabuku ndi bolopeni. Ntchito inali yojambula chiboliboli chilichonse, chipilala chilichonse ndi mwala uliwonse wolembedwa umene tiupeze poyera, ndi kufunsa anthu apafupi mafunso atatu chabe: uyu ndani, anamupanga ndani, anamuika liti. Tinkaganiza kuti pofika masana tidzakhala titamaliza.

Tinayambira pa chipata cholandirira alendo, chija mumadutsa pansi pake pochokera ku Lusaka pa Great East Road. Aliyense wofika kuno koyamba amafuna chithunzi pamenepo, ndipo nafenso tinajambula. Kuchoka apo tinakwera njinga zonyamula anthu kulowa mkati. Zimene tinapeza sizinali zambiri monga tinkayembekezera. Panali nyama za simenti pa zipata za malo ogona alendo, njovu yokhala ngati nkhumba yonenepa, mkango wothothoka penti. Panali Amayi Maria m'kaphanga ka miyala pabwalo la tchalitchi, ndipo amenewa palibe anavutika kuwatchula. Panali timiyala ta pakhoma tonena kuti nyumba iyi inatsegulidwa ndi olemekezeka akuti, tina tolembedwa bwino, tina tobisika kumbuyo kwa mapepala olengeza za misonkhano ya mapemphero ndi mankhwala a mphamvu za abambo.

Ndiye panali iye. Mwamuna wa simenti, wamtali kuposa munthu pang'ono, ataima pa chipata cha malo ena ogona alendo, chishango kumanzere, nthungo kumanja, nthenga kumutu. Pansi pake panalibe cholembedwa chilichonse.

Amayi ogulitsa chimanga chootcha pafupi anati ndi a Mpezeni. Mnyamata wa njinga anakana, nati ndi Nsingo. Mlonda wa pamalopo anatiyang'ana nthawi yaitali, natifunsa ngati tili ndi chilolezo chojambula, ndipo titamufotokozera anangoti, "Ni Mngoni chabe uyo." Mnzathu wa ku Petauke, amene amakhulupirira foni kuposa munthu, anaika chithunzicho mu pulogalamu ija yozindikira zinthu pa intaneti. Yankho linabwera msangamsanga: Shaka Zulu.

Tinaseka mpaka amayi aja anatifunsa ngati tili bwino. Koma titakhala pansi kumwa maheu, kusekako kunayamba kuwawa. Mwa mayina onse a padziko, foni inasankha dzina la munthu amene makolo a Angoni anamuthawa.

Nkhaniyo imayambira kutali, kummwera, m'dziko limene lero ndi KwaZulu-Natal. Zwangendaba wa fuko la Jere anali mmodzi wa atsogoleri a nkhondo pansi pa Zwide, mfumu ya Andwandwe. Cha m'ma 1819 ankhondo a Shaka anagonjetsa Andwandwe, ndipo Zwangendaba anatenga anthu ake nayamba ulendo wa kumpoto umene iye mwini sanaone mapeto ake. Anadutsa m'Mozambique ndi m'Zimbabwe wa lero, akumenya nkhondo ndi kutenga anthu a mitundu ina kuwalowetsa m'gulu lake. Mu November 1835 anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. Kadamsana ameneyo ndiye wathandiza akatswiri kudziwa chaka chenicheni, chinthu chosowa kwambiri m'mbiri yosimbidwa pakamwa. Zwangendaba anafera kutali kumpoto, kudera la Ufipa, m'zaka za m'ma 1840. Ana ake ndi nduna zake anagawikana. M'mbelwa anakakhala kumpoto kwa Malawi, ena analowera ku Tanzania, ndipo Mpezeni, atazungulira kwa Abemba ndi kwa Ansenga, anadzakhazikika m'mapiri ano cha m'ma 1870.

Choncho msilikali wathu wa simenti, kaya ndi ndani, ndi mdzukulu wa anthu othawa Shaka. Foni siinaname dala. Inaona chishango ndi nthenga, ndipo pa intaneti zithunzi za Shaka ndi zochuluka pamene za Nsingo ndi zowerengeka. Chimene sichinalembedwe, makina amachipatsa dzina la chinthu chofanana nacho chimene chinalembedwa.

Mnyamata wa njinga uja, amene anati ndi Nsingo, tinamufunsa kuti Nsingo anachita chiyani. Anati, "Anamenyana na azungu." Liti? Kuti? Anagwedeza mapewa. Sitikumuseka, chifukwa awiri a ife sitikanayankha bwino kuposa iye.

Chinayambitsa nkhondo ndi golide amene kunalibe. Mjeremani wina wamalonda a minyanga ya njovu, Carl Wiese, anakhala pakati pa Angoni nakhala bwenzi la a Mpezeni, ndipo mu 1891 anapeza pepala lomupatsa ufulu pa dziko lalikulu. Pepalalo linakathera m'manja mwa kampani ya ku London yotchedwa North Charterland Exploration Company. Ku Ulaya mbiri inamveka yoti dziko la Mpezeni ladzaza ndi golide. Anthu a kampaniyo anafika mu 1896 namanga linga lawo, Fort Young, m'kati mwenimweni mwa midzi ya Angoni. A Mpezeni, atakalamba, ankafuna kuwanyengerera alendowo. Mwana wawo Nsingo, amene ankatsogolera magulu a ankhondo achinyamata, anaona kuti mlendo womanga linga pakhomo pako sanabwere kudzacheza.

Kumapeto kwa 1897 Wiese anatumiza uthenga ku Nyasaland woti azungu a pa Fort Young ali pangozi. Mu January 1898 asilikali a boma la Britain anawoloka kuchokera kumeneko ali ndi mfuti zamakina ndi mizinga. Ambiri a asilikaliwo anali anthu akuda anzathu ndi Asikh ochokera ku India, otsogoleredwa ndi azungu ochepa. Nthungo siinathe kufika pomwe chipolopolo chimafika. M'masiku owerengeka magulu a Angoni anabalalika, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, ndipo kumayambiriro kwa February 1898 anawomberedwa pamaso pa nduna za Angoni. A Mpezeni anadzipereka, anasungidwa ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji, nabwezedwa kwawo atathyoka mtima. Anamwalira mu 1900. Nc'wala inazima kuyambira pamenepo, ndipo inadzaukanso mu 1980, patapita zaka 82. Mukaona anthu akukhamukira ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la February, mudziwe kuti pali mibadwo yathunthu ya Angoni imene inabadwa ndi kufa osauona mwambowo.

Golide uja sanapezeke wochuluka monga ankanenera. Kampani inatsala ndi nthaka, azungu anayamba kulima fodya, ndipo anyamata a kuno anayamba kuyenda wapansi kupita ku migodi ya kummwera kukafuna ndalama ya msonkho.

Apa ndi pomwe tinazindikira kuti chikumbutso chachikulu cha opambana nkhondoyo sichinali cha mwala. Chinali dzina la tauni. Mu 1899 kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inakhazikitsa boma lake m'chigwa chino ndi kulitcha Fort Jameson. Leander Starr Jameson anali dokotala, bwenzi lapamtima la Rhodes. Ndiye anatsogolera nkhondo yolanda dziko la Amandebele mu 1893. Kumapeto kwa 1895 analowa ndi ankhondo m'dziko la Mabunu la Transvaal, nagonja mochititsa manyazi m'masiku ochepa, natsekeredwa m'ndende ku England. Patangopita zaka zochepa chitulukire m'ndende, dzina lake linapatsidwa kwa tauni yathu. Pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Cape Colony, ndipo manda ake ali ku Matopos, pafupi ndi a Rhodes. Kwa zaka zoposa 60, aliyense wolemba kalata kuchokera kuno, Mngoni kapena Mchewa, ankalemba dzina la Jameson pamwamba pa pepala. Chiboliboli munthu atha kuchilambalala, koma keyala yako sungailambalale.

Azungu ankalifupikitsa dzinalo kuti Fort Jimmy. Ufulu utabwera dzina linasinthidwa kukhala Chipata, kuchokera ku mpata wa pakati pa mapiri, ndipo pa 24 February 2017 tauni inakwezedwa kukhala mzinda. Komabe mukamva kondakitala akuitanira anthu a ku Old Jim ndi New Jim, tcherani khutu. Jim sanachoke yense.

Munthu wina amene tinakumana naye m'mabuku ndi Robert Codrington, amene ankalamulira North-Eastern Rhodesia kuchokera mu Fort Jameson muno, pomwe tauni ino inali likulu la dziko lonselo kufikira 1911. Iyeyu nkhani ya zosemasema imamukhudza kawiri. Mu 1899 anapita kwa Chitambo, komwe mtima wa David Livingstone unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu. Anzake a Livingstone, anthu akuda amene ananyamula mtembo wake kupita kunyanja, anali atazokota dzina lake pa mtengowo. Mtengo unali ukuwola, ndipo Codrington anaudula, natumiza chigawo cholembedwacho ku Royal Geographical Society ku London. Pamalopo panamangidwa chipilala mu 1902. Chachiwiri, Codrington ankasonkhanitsa zosemasema, mipando ndi zida za mafumu a madera amene ankalamulira, zina zotengedwa pa nthawi ya nkhondo. Katundu ameneyo anakathera ku nyumba yosungira zakale ku Bulawayo. Tikamadandaula kuti m'mizinda yathu mulibe zosema zakale, tizikumbukira kuti zina zinatuluka m'dziko zitamangidwa m'mabokosi, kudzera m'manja mwa munthu amene ofesi yake inali muno.

Sabata yotsatira tinapita chakummwera, ku Luangeni. Fort Young ili pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi boma, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni. Ku Feni kuli Nsingo Community Museum, nyumba yaing'ono yosunga zinthu za Angoni, ndipo amene amakhala kumeneko amasimba nkhani ya 1898 ngati ya dzulo, kutchula mitsinje ndi mapiri mayina. Tinabwerako ndi zithunzi zambiri ndi manyazi pang'ono. Mtunda umenewu ndi wa ndalama zochepa kuposa bando ya intaneti ya sabata imodzi, koma palibe mmodzi wa ife anali atapitako.

Kuti timvetse bwino za kwathu, tinatsegula zithunzi zakale za m'mafoni athu, za ulendo wa ku Lusaka pomwe tinapita ku maphunziro a masiku atatu. Lusaka kwa ife ndi mzinda wachilendo ndithu, ndipo tinayenda wapansi pa Independence Avenue tikuyang'ana m'mwamba ngati anthu a kumudzi enieni. Freedom Statue tinaizindikira patali, chifukwa tinakula nayo m'thumba, kumbuyo kwa ndalama zamapepala. Mwamuna wopanda malaya, manja m'mwamba, unyolo woduka. Inaikidwa mu October 1974, dziko likukwanitsa zaka 10 za ufulu. Amene akuimiridwa ndi a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, ndipo nkhani imene imasimbidwa ndi yoti atsamunda anawamanga unyolo nawauza kuti audule kapena awomberedwe, iwo naudula. Wosema chibolibolicho anali James Butler, Mngelezi. Titauza mnzathu wa ku Lundazi anakhumudwa, ngati wamva kuti nyimbo ya fuko inapekedwa ndi mlendo. Ena a ife sitinaone vuto. Mkangano umenewo sunathe mpaka lero.

Chinatisangalatsa kwambiri ku Lusaka ndi chiboliboli chimene kulibe. Mu 1960, zaka zinayi chabe ufulu usanafike, kutsogolo kwa High Court kunaikidwa munthu wamkuwa wokwera pa hatchi. Dzina lake Physical Energy, wosema wake G. F. Watts. China chofanana nacho chili pa chikumbutso cha Rhodes ku Cape Town, china ku Kensington Gardens ku London. Kampani ya Rhodes ndiyo inachipereka, ndipo amayi ake a Mfumukazi Elizabeth ndiwo anachivundukula. Anthu a Zambia anachiona monga chinalili, chizindikiro cha Rhodes. Mu 1966 chinachotsedwa ndi kutumizidwa ku Salisbury, ndipo lero chili pabwalo la National Archives ku Harare. Pomwe ophunzira a ku University of Cape Town ankagwetsa Rhodes wawo mu April 2015, dziko lonse likuonera pa TV, makolo athu anali atachita zomwezo zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo popanda makamera ambiri.

Ku UNZA tinajambula The Graduate ya Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987. Ophunzira atatu amene tinawafunsa ankadziwa dzina la chibolibolicho, pakuti aliyense amajambulitsa pamenepo pomaliza maphunziro, koma dzina la Tayali sanalidziwe.

Anansi athu a ku Malawi nawo ali ndi nkhani zawo. Mu 2018 achinyamata a ku Blantyre anapita kukhoti kukaletsa kumangidwa kwa chiboliboli cha Mahatma Gandhi, ponena kuti mawu amene iye analemba za anthu akuda ali ku South Africa sakumuyenereza ulemu umenewo, ndipo khoti linaimitsa ntchitoyo. Mu September 2022 wosema wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaimika John Chilembwe pa Trafalgar Square, pakati pa London. Anatengera chithunzi cha 1914 pomwe Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, m'nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukuza Chilembwe kuposa mnzakeyo. Ife chimene tinatolapo ndi chakuti chonsecho chinatheka chifukwa wina mu 1914 anajambula chithunzi, wina nachisunga, wina nalemba mayina a anthu ali pamenepo. Chithunzi chopanda mayina chikanakhala cha "m'busa wina ndi mzungu wina".

Tili mkati mokambirana zimenezi, mnzathu wa ku Chadiza, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anatidula. Anati vuto lathu ndi loti tikufuna ziboliboli za mtundu wa azungu, munthu wouma woima pamphambano, ndipo tikapanda kuzipeza tiyamba kulira kuti kwathu kulibe luso. Anatifunsa ngati tinaonapo kasiyamaliro akulowa pabwalo m'bandakucha.

Za kudambwe sitinena pano, si malo ake ndipo si ife oyenera. Tinena zimene aliyense amaona pabwalo, ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa August kapena pa maliro a kumudzi. Zilombo za Gule Wamkulu ndi zazikulu, zina zotalika kuposa denga la nyumba, zooneka mwaluso loti wosema wa simenti sangalifike. Zimabwera, zivina, zibwerera komwe zinachokera. Sizikhala pamsewu kuti fumbi ndi mapepala a zisankho zizimatidwa pa izo. Ndipo zimasunga mbiri. Simoni wa nkhope yofiira ndi mzungu wopsa ndi dzuwa, monga anamuonera makolo athu. Maliya anabwera ndi amishonale. Pali galimoto, pali ena ovala ngati asilikali ndi mabwana a boma. Atsamunda ndi amishonale anayesetsa kuthetsa gule, koma gule anawatenga iwo omwe nawasandutsa zilombo zovina pabwalo, anthu naseka. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Mnzathuyo anati, "Jameson anapatsidwa tauni, tauniyo anamulanda. Simoni akali kuvina."

Palinso za m'mapanga. Ku Thandwe, ku phiri la Zawi kumpoto kwa tauni, ndi ku Mkoma cha ku Katete, kuli zojambula pa matanthwe. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko lino. Zoyera ndi za pambuyo pake, za alimi, zina zokhudza chinamwali, zina nyau. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, malo 127 a zojambula za mtundu womwewu analowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006. Zathu zili phee m'tchire, ndipo pena anyamata amalembapo mayina awo ndi makala.

Pa zimenezi foni iyenera kudziwa malire. Msilikali wa simenti mutha kumujambula mbali zonse, sakwiya. Chilombo cha gule simungachithamangire ndi foni kumaso popanda kupempha eni mwambo, ndipo zina za chinamwali sizinajambulidwire maso a aliyense. Tinagwirizana kuti m'kabuku kathu mukhale danga lachinayi: ndani watilola.

Pulogalamu inaulutsidwa Lachinayi madzulo, ndipo tinafunsa omvera funso limodzi: mzinda ukafuna kuimika munthu mmodzi pamphambano yaikulu, akhale ndani? Mafoni sanapume. Ambiri anati Nsingo, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka: mnyamata amene anaona patali kuposa akulu ake, nafa chifukwa cha nthaka. Koma ambuya ena a ku Katete anaimba, nalankhula mofatsa. Anati agogo awo ankasimba za kubisala m'mapiri ndi m'malinga pothawa nkhondo za Angoni, za ana otengedwa ndi nkhokwe zotenthedwa. Anati sakudana ndi Nsingo, koma tisaiwale kuti nthungo yomwe inaloza mzungu inayamba yaloza Mchewa, Mnsenga ndi Mkunda. Mu situdiyo munakhala zii. Wotsatira kuimba anali Mngoni wa ku Mtenguleni, ndipo tinkaopa kuti zivuta. Iye anangoti amayi ake ndi Ansenga, chinenero chimene amalankhula kunyumba ndi Chinsenga, ndipo Angoni ambiri a kuno akafufuza bwino apeza kuti ndi adzukulu a ogwidwa ndi ogwira omwe. Mayi wina anafunsa chifukwa chake mayina onse otchulidwa ndi a amuna. Wina anatchula a Cardinal Medardo Mazombwe, amene anali bishopu wa Chipata zaka zambiri asanakhale cardinal mu 2010. Wina anati amwenye a ku Down Shops, amene makolo awo anafika mu Fort Jameson cha m'ma 1905, nawonso ndi eni tauni. Mbemba wina, mwa chimbuya, anati tiimike mbewa yaikulu ya mkuwa, ndipo tinamudula foni tikuseka.

Ife maganizo athu ndi awa, ndipo mutha kutsutsa. Nsingo ayenera kukumbukiridwa pakati pa mzinda, poti mzindawu unamangidwa pa kugonja kwake. Koma tisanathamangire kusonkha ndalama za mkuwa, pali ntchito yotsika mtengo imene yatsalira. Zimene zilipo kale zilembedwe. Kachitsulo kakang'ono, Chinyanja pamwamba, Chingelezi pansi, konena kuti ichi n'chiyani, anachipanga ndani, chaka chanji. Ndipo cholembedwa pansi pa Nsingo, tsiku limene adzaimikidwe, chidzakhale ndi malo a mawu a ambuya a ku Katete aja. Mwala wonena theka la nkhani tinauona kale, unkatchedwa Fort Jameson.

Funso lachiwiri la m'kabuku kathu, loti anamupanga ndani, ndi limene linatitengera nthawi. Mlonda uja, titabwerera kachitatu, anatizolowera, natiuza kuti wopanga msilikaliyo ndi mmisiri wina wa ku Navutika amene amaumba mapoto a maluwa ndi miyala ya pamanda. Tinamupeza Lamlungu masana akusakaniza simenti kuseri kwa nyumba, bambo wa zaka za m'ma 50, manja oyera ndi fumbi. Anatipatsa mipando, natumiza mwana kukagula zakumwa ngakhale tinakana.

Anatifotokozera mapangidwe ake. Mkati muli mafupa a nsimbi zomangira nyumba, zopindidwa ndi kuwotcherera. Pamwamba pake amakulunga waya wa khola la nkhuku, ndipo simenti amaimata pang'onopang'ono, kusiya iume, kumatanso, masabata atatu. Nthungo ndi paipi. Mwini malo anangomuuza kuti afuna Mngoni pa geti kuti alendo a Nc'wala azijambulitsa, ndipo anakangana pa mtengo masiku awiri.

Tinamufunsa ngati ndi a Mpezeni kapena Nsingo. Anaseka, napukuta manja pa thalauza.

"Ine Nsingo sindinamuone, ana anga. Nkhope ija ndi ya amalume. Ndiwo anandilera atate atamwalira. Chaka chilichonse ankavina ingoma ku Mtenguleni, mpaka miyendo inakana. Panyumba panali chithunzi chawo chimodzi chabe, cha pa registration, ndiye ndinachiika apa pa njerwa n'kumayang'ana."

Tinamuuza kuti foni inati ndi Shaka. Anaitana akazi ake kuti adzamve, ndipo anaseka onse awiri mpaka mayiwo anakhala pansi. Kenaka bamboyo analowa m'nyumba, natuluka ndi kachithunzi kaja, kofiirira m'mbali, kali m'pulasitiki. Tinakaika pafupi ndi foni. Mphuno ndi yomweyo, ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere, kamene ife tinkayesa kuti simenti inang'ambika.

Tinapempha chilolezo, anatilola, ndipo tinajambula kachithunziko kali m'dzanja lake. Dzina la amalumewo ndi la mmisiri tinalemba m'kabuku, ndi chaka chimene anamuumba. Mu kompyuta ya ku wailesi, chithunzi chija chinali ndi nambala chabe, ndipo mnzathu wa ku Petauke ndiye anafufuta nambalayo nalembapo mayina awiriwo.